Mwana akabadwa ndi khutu losaumbika bwino: choyamba n'chiti, chodikira n'chiti?

Khutu lakunjali limayamba kuumbika mimba ili ndi masabata 5 kapena 6, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanatsimikize n'komwe kuti aima. M'mbali mwa kamutu ka mwana mumatumphuka timinofu 6, ndipo m'masabata otsatira timinofuti timakumana n'kupindika mpaka kutuluka khutu lokhala ndi mkombero, bowo ndi kansonga kofewa kovalapo ndolo. Nthawi zina ntchitoyi imalekezera panjira. Kuchipatala vutoli amalitcha microtia, ndipo khutu likasoweratu amati anotia. Limagwera mwana mmodzi mwa ana pakati pa 5,000 ndi 10,000 obadwa, ngakhale chiwerengerochi chimasiyana dera ndi dera. Anyamata ndiwo amachuluka, khutu lakumanja ndilo limakhudzidwa kawirikawiri, ndipo pafupifupi ana 9 mwa 10 aliwonse amakhala nalo mbali imodzi yokha.

Madokotala amaligawa m'magulu 4. Gulu loyamba ndi khutu laling'ono koma lokhala ndi zigawo zake zonse. Lachiwiri limasowa zigawo zina, makamaka zakumtunda. Lachitatu, lomwe ndi lofala kuposa onse, ndi kamnofu kolendewera chotsika, kokhala ndi kansonga ka ndolo kumunsi kwake, ndipo nthawi zambiri bowo palibiretu. Lachinayi ndi pomwe palibe chilichonse.

Ife okhala kuno ku Joni timadziwa momwe nkhani yotere imayendera. Chithunzi cha khanda chikangofika kumudzi pa WhatsApp, mafunso amayambika: mayi ake adaseka ndani ali ndi pakati, bambo ake adayenda njira ziti, ndani wa m'banjamo adachita kaduka. Mayi yemwe sanachire n'komwe mabala a ubereki amasenza mlandu womwe sadapalamule. Zoona zake n'zakuti mwa ana ambiri chifukwa chenicheni sichipezeka. Zomwe zimadziwika kuti zimawonjezera chiopsezo ndi zochepa: matenda a shuga mwa mayi, makamaka osasamalidwa bwino mimba ikamayamba, komanso mankhwala ena monga isotretinoin wa ziphuphu ndi thalidomide. Mwa ana ena khutulo ndi gawo la vuto lalikulupo la kaumbidwe ka nkhope, monga pomwe nsagwada ya mbali imodzi ili yaifupi, kapena matenda otchedwa Goldenhar ndi Treacher Collins. N'chifukwa chake dokotala wa ana amayang'ananso nsagwada, maso, msana, mtima, nthawi zina ndi impso zomwe. Kuseka munthu, kudumpha chinthu panjira kapena mkangano ndi apongozi sizilemaza khutu la mwana.

Kumva kuyambe

Funso loyamba la makolo pafupifupi onse limakhala lakuti, khutu mumuika liti? Funsolo ndi lomveka, poti khutu ndi lomwe anthu amaliona m'tekisi ndi kutchalitchi. Koma opaleshoni ya maonekedwe imatha kudikira zaka zambiri popanda chotayika. Kumva sikudikira, chifukwa ubongo wa mwana umaphunzira chilankhulo m'zaka zoyambirira zenizeni.

Khutu lili ndi zigawo zitatu. Lakunja ndi ngalande yake zimakokera mawu mkati. Lapakati lili ndi nembanemba ndi timafupa 3 tomwe timanjenjemera. Lamkati, lobisika m'fupa la chigaza, ndilo limasandutsa kunjenjemerako kukhala uthenga wopita ku ubongo. Khutu lamkati limaumbika mwa njira yakeyake, motero mwa ana ambiri a microtia limakhala labwinobwino. Zili ngati nyumba yomwe muli anthu ogalamuka koma pakhomo pamatidwa ndi njerwa: wogogoda amamveka patalipatali. Mawu amachepa mphamvu ndi madesibelo pafupifupi 50 mpaka 60, kutanthauza kuti kucheza wamba kumangomveka ngati kunong'ona kapena sikumveka konse mbali imeneyo.

Muyezo womwe akatswiri a kamvedwe amatsata ndi wakuti khanda liyezedwe lisanathe mwezi umodzi, vuto litsimikizike pofika miyezi 3, thandizo liyambe pofika miyezi 6. Kuyeza kwake sikupweteka. Mwana ali mtulo amamumata timawaya pamphumi ndi kuseri kwa makutu, n'kumuseweretsa timaphokoso, ndipo kompyuta imaonetsa ngati uthenga ukufika ku ubongo. Kuyezaku amakutcha ABR. Pemphani kuti makutu onse awiri ayezedwe, kuphatikizapo looneka labwinolo.

Ngati makutu onse awiri ndi otsekeka, mwana afunika kachipangizo kothandiza kumva m'miyezi yoyambirira. Kachipangizoka sikalowa m'khutu. Kamakhala pa lamba wofewa wovala kumutu, kamagunda pafupa la kuseri kwa khutu, ndipo kamanjenjemeretsa chigaza kuti mawu alambalale potsekapo n'kukafika ku khutu lamkati. Mayina omwe mudzawamva ndi Baha ndi Ponto, palinso ADHEAR yomwe imamatidwa pakhungu. Mwana akakwanitsa zaka pafupifupi 5, fupa la chigaza litakhuthala, kachipangizoka kamatha kumangiriridwa pafupa penipeni kudzera mu opaleshoni yaing'ono.

Ngati vuto lili mbali imodzi, anthu ambiri amangoti khutu linalo likwanira. Kunena zoona mwana wotere amaphunzira kulankhula, koma pali zinthu ziwiri zomwe khutu limodzi silitha. Silidziwa komwe phokoso likuchokera, ndipo silisiyanitsa bwino mawu pakati pa chiphokoso. Taganizani mwana wa zaka 7 akuwoloka msewu ku Yeoville kapena ku Rosettenville, matekisi akuliza mahutala uku ndi uku, iye osadziwa kuti atembenukire kuti. Taganizaninso m'kalasi lodzaza, momwe akuphunzira m'Chingelezi pomwe kunyumba amamva Chichewa ndipo kubwalo anzake amalankhula Chizulu kapena Chisutu. Mwana wotere amatopa msanga, ndipo aphunzitsi ena amamuyesa wamwano kapena wogona. Auzeni aphunzitsi chaka chikamayamba, kuti akhale kutsogolo, khutu labwino litaloza kwa iwo. Ndipo khutu labwinolo lisamalidwe kwambiri: likatuluka mafinya kapena mwana akamalikanda ali ndi chimfine, pitani kukiliniki tsiku lomwelo. Zotokosa ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga ya nkhuku zisayandikire.

Pali mfundo ya malamulo yomwe Amalawi ambiri kuno saidziwa. Mu Epulo 2023 khoti lalikulu la Gauteng ku Johannesburg, pa mlandu womwe lidabweretsa bungwe la SECTION27, lidagamula kuti amayi oyembekezera, amayi oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 ali ndi ufulu wothandizidwa mwaulere m'zipatala za boma posatengera dziko lomwe akuchokera kapena mapepala omwe ali nawo. Osawerengedwa m'gululi ndi omwe ali pa medical aid ndi omwe adabwera m'dziko muno ndi cholinga chodzalandira chithandizo basi. Zaka 6 zimenezi ndi zomwezo zoyeza kumva, kuonana ndi akatswiri ndi kulembetsa mwana m'mabuku a chipatala chachikulu. Njira yake imayambira kukiliniki ya m'dera lanu, mutanyamula kabuku ka Road to Health. Kumeneko amakupatsani kalata yopita kuchipatala, mpaka kukafika kwa madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi komanso a plastic surgery (okonza ndi kumanganso ziwalo za thupi) ku zipatala zophunzitsira monga Charlotte Maxeke ku Parktown ndi Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Kubisa mwana m'chipewa mpaka adzayambe sukulu kumataya zaka zomwe lamulo likanakutetezani.

Khutu losemedwa kuchokera ku nthiti

Njira zopezera khutu latsopano zilipo zitatu, ndipo yoyamba, yomwe ndi yakale ndiponso yofala kwambiri padziko lonse, ndi yogwiritsa ntchito thupi la mwana yemweyo. Pomwe nthiti zimakumana ndi fupa la pachifuwa pali chicherewecherewe, chija chimakukutika tikamadya nyama ya m'nthiti. Dokotala wa ku America, Radford Tanzer, ndiye adakhazikitsa njirayi mu 1959. Burt Brent wa ku California adaikonza kukhala ya maopaleshoni pafupifupi 4, kenaka Satoru Nagata wa ku Japan ndi Françoise Firmin wa ku Paris adaifupikitsa kukhala ya maopaleshoni 2.

Ntchito yake ndi yamanja ndithu. Dokotala amayamba ndi kujambula khutu labwino pa kapepala koonekera mkati, n'kukatembenuza kuti kakhale chitsanzo cha mbali inayo. Kenaka amacheka pachifuwa n'kuchotsa chicherewecherewe cha nthiti zapakati pa nambala 6 ndi 9. Mwana ali chigonere, dokotalayo amakhala pa katebulo pambali n'kuyamba kusema. Chidutswa chachikulu chimakhala tsinde. China chachitali amachipala mpaka chitapyapyala, n'kuchikhotetsa kuti chikhale mkombero. Tizidutswa tina timapanga timizere ndi timaenje ta mkati, ndipo zonsezi amazilumikiza ndi timawaya topyapyala kwambiri kapena ulusi. Akatha amatsegula kathumba pansi pa khungu la m'mbali mwa mutu, amalowetsamo chosemacho, n'kuika kapaipi kokoka mpweya ndi magazi. Kapaipiko kakayamba kukoka, khungu limakakamira pa chosemacho ndipo maonekedwe a khutu amatulukira pomwepo. Kansonga ka ndolo komwe mwana adabadwa nako amakasuntha n'kukaika pamalo pake.

Pakadutsa miyezi pafupifupi 6 pamabwera opaleshoni yachiwiri, yodzutsa khutu kuti lisagone pamutu. Amalicheka kuseri, amaikapo kachidutswa kena ka chicherewecherewe kolichirikiza, n'kuphimba ndi khungu lotengedwa pena.

Chifukwa chodikira chili pachifuwa. Mwana wamng'ono alibe chicherewecherewe chokwanira kusema khutu la msinkhu wa munthu wamkulu. Njira ya Brent imayamba pa zaka 6 kapena kupitirirapo, pomwe Nagata ankadikira zaka 10 komanso chifuwa chozungulira masentimita 60. Dokotala akakuuzani kuti mubwerenso mwana akakula, sikuti akukuzembani.

Ubwino wa njirayi ndi waukulu. Khutulo ndi thupi la mwiniwake, thupi silingalikane, limakhala ndi magazi, likavulala limapola, ndipo likakhazikika limakhala la moyo wonse. Mwana amatha kusewera mpira, kusambira ndi kugonera mbali imeneyo. Koma zovuta zake musazichepetse. Pachifuwa pamapweteka kwambiri masiku oyambirira, kuposa pakhutu pomwe. Nthawi zina nembanemba yokuta mapapo imabooka pochotsa chicherewecherewe, ndipo madokotala amaisoka pomwepo. Pachifuwa pamatha kutsala kadzenje. Khungu lophimba likafa pena, chosemacho chimaonekera ndipo chimatha kusungunuka. Ngati tsitsi la mwana limayambira m'munsi, limadzamera pamkombero wa khutu latsopano n'kufuna kulichotsa. Khutu lake limakhalanso lokhuthala ndi louma kuposa lachibadwa, silipindika.

Pali vuto lina lomwe limatikhudza ife akhungu lakuda kuposa ena: zipsera zotupa zotchedwa keloid. Aliyense adaonapo mtsikana yemwe adaboola khutu n'kutuluka chotupa cholimba chomwe chimakulirakulira. Pakhutu ndi pachifuwa ndi ena mwa malo omwe keloid imakonda, ndipo opaleshoniyi imacheka malo onse awiri. Ngati m'banja mwanu muli anthu a zipsera zotere, kapena katemera adasiya chotupa paphewa la mwana, nenani msanga. Sichifukwa chokanira opaleshoni, koma chimasintha momwe dokotala angachekere ndi momwe angasamalire chipsera pambuyo pake.

Ndipo ndinene mosabisa: zotsatira za njirayi zimadalira kwambiri dzanja la wosemayo. Dokotala yemwe amachita opaleshoniyi kawirikawiri amasiyana kutali ndi yemwe amaichita mwa apo ndi apo. Mwayi wabwino ndi woyamba, chifukwa khungu likakhala ndi zipsera silitambasukanso bwino. Si mwano kufunsa mwaulemu kuti, adokotala, mumachita maopaleshoni otere angati pachaka, ndipo tingaone nawo zithunzi za ana akhungu ngati la mwana wathuyu?

Chimango cha pulasitiki

Njira yachiwiri idayambitsidwa ndi John Reinisch ku Los Angeles kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. M'malo mosema nthiti, amagwiritsa ntchito chimango chopangidwa kale cha pulasitiki ya timabowo tambirimbiri, yodziwika ndi dzina lakuti Medpor. Amachikuta ndi kamnofu kopyapyala kokhala ndi mtsempha wa magazi, kotengedwa pansi pa chikopa cha mutu pamwamba pa khutu, kenaka amaphimba ndi khungu lochokera kuseri kwa khutu linalo kapena pamimba. Minofu imamera kulowa m'timabowo tija.

Chokopa chake n'chakuti mwana amatha kuchitidwa ali ndi zaka 3 kapena 4, asanayambe sukulu, nthawi zambiri pa opaleshoni imodzi, ndipo pachifuwa sipakhudzidwa. Khutu lake limaimanso bwino. Koma pulasitiki siipola. Mwana akagwa kapena kumenyedwa, chimango chimatha kuthyoka. Khungu likabooka, ngakhale patapita zaka, pulasitiki imaonekera, majeremusi amalowa, ndipo nthawi zina chonsecho chimayenera kuchotsedwa. Zikatero kukonzanso kumavuta chifukwa kamnofu kaja kadagwiritsidwa kale ntchito. Khungu lochokera pamimba limathanso kusiyana mtundu ndi la kumaso, ndipo pakhungu lakuda kusiyanako kumaoneka.

Khutu lovala

Njira yachitatu ndi khutu la silikoni. Katswiri amatenga chikombole cha khutu labwino, kapena amalijambula ndi makina a 3D, n'kuumba lina lolingana nalo. Kenaka amakhala ndi mwiniwake pamalo owala n'kumasakaniza utoto pang'onopang'ono, kuyerekeza ndi tsaya ndi khosi, mpaka mtundu utafanana. Pa njira zonse zitatu, iyi ndiyo imatulutsa khutu lofanana kwambiri ndi lenileni, mpaka timakwinya tomwe.

Kulimangirira kuli pawiri. Lina limamatidwa ndi guluu wapadera m'mawa uliwonse, koma thukuta ndi masewera zimalimasula, ndipo mwana yemwe khutu lidamugwera pabwalo la sukulu pamaso pa anzake saiwala. Njira yodalirika ndi ya tizitsulo ta titanium tiwiri kapena titatu tomwe timabooleredwa m'fupa la kuseri kwa khutu. Fupa limagwirana ndi chitsulocho m'miyezi ingapo, nzeru yomwe idachokera kwa Per-Ingvar Brånemark ku Sweden, yemwenso adayambitsa mano obzala. Kenaka khutu limangogwira ndi maginito kapena kopanira. Moyo wake umakhala wotere: usiku kulivula, kulitsuka ndi sopo wofewa, kupukuta khungu lozungulira tizitsulo ndi kaburashi kuti pasachite zilonda, m'mawa kulibwezera. Dzuwa limalisuwitsa mtundu, m'mphepete mwake mumang'ambika, motero pakapita zaka 2 mpaka 5 pamafunika latsopano, ndipo zimatero moyo wonse.

Chinanso chofunika kudziwa n'chakuti kuti khutu lovala likhale bwino, kawirikawiri kamnofu kachibadwa kamachotsedwa. Kakachoka, njira ya nthiti imavuta. N'chifukwa chake madokotala ambiri amasungira njirayi akuluakulu, omwe maopaleshoni ena adalephera, ndi omwe adataya khutu pamoto, pangozi kapena chifukwa cha khansa.

Nanga kuboola ngalande?

N'zotheka kwa ana ena, osati onse. Mwana akafika zaka 5 kapena 6 amajambulidwa ndi CT scan, makina ojambula mkati mwa thupi, kuti madokotala aone timafupa ta khutu lapakati ndi njira ya mtsempha woyendetsa nkhope. Pali muyezo wa mapointi 10 wotchedwa Jahrsdoerfer, ndipo omwe apeza 7 kapena kuposerapo ndiwo amakhala ndi mwayi wabwino. Chiopsezo chake ndi kuvulala kwa mtsempha uja, zomwe zimapotoza nkhope, komanso ngalande kutsekekanso. Ngalande yoboola imafunanso kutsukidwa ndi dokotala nthawi ndi nthawi. Zipangizo zodutsitsa mawu pafupa zimapereka kumva kodalirika kuposa opaleshoniyi, motero mabanja ambiri amasankha zimenezo. Koma ngati mwana ali ndi kabowo kopapatiza kwambiri, kayenera kuyang'aniridwa, chifukwa khungu limatha kuunjikana mkati n'kupanga chotupa chodya fupa chotchedwa cholesteatoma.

Dongosolo la maopaleshoni ndi lofunika zedi. Ngati mwasankha nthiti, khutu limayamba kumangidwa, ngalande pambuyo. Ngati mwasankha pulasitiki, ngalande imayamba kapena zimachitikira limodzi. Ngakhale chitsulo cha kachipangizo ka kumva chiyenera kuikidwa chakumbuyo ndithu, kuti chisawononge khungu lomwe lidzaphimbe khutu. Choncho dokotala wa makutu ndi wa plastic surgery ayenera kukambirana wina asanagwire mpeni. Pa chifukwa chomwechi musalole aliyense, kaya wachipatala chaching'ono kaya wazitsamba, kudula, kumanga ndi ulusi kapena kutema mphini pa kamnofu ka khutu komwe mwana adabadwa nako.

Mwina mudamvapo za makutu osindikizidwa ndi makina a 3D kuchokera ku maselo a mwiniwake. Mu 2022 mayi wina wa zaka 20 adaikidwa khutu lotere ku San Antonio, m'chigawo cha Texas, ngati gawo la kafukufuku. Nkhaniyi ndi yopatsa chiyembekezo, koma sinafike pokhala chithandizo cha tsiku ndi tsiku, ndipo si chifukwa chozengerezera thandizo lomwe lilipo.

Maganizo anga pa kasankhidwe ndi awa. Mabuku ambiri a nkhaniyi amalembedwa poganizira banja lomwe lidzakhala pafupi ndi chipatala chomwecho zaka 20. Ambirife sitili choncho. Ntchito ikatha, mapepala akavuta kapena kumudzi kukagwa zovuta, mwana amakwezedwa basi n'kukakulira kwa agogo ake ku Mzimba, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay. Khutu la silikoni likasuwa kumeneko, latsopano lichokera kuti? Pulasitiki ikaonekera, angaithamangire ndani isanaole? Khutu la nthiti ndi lowawa kulipeza, limafuna kudikira, koma likapola silipemphanso kanthu. Kwa banja losadziwa komwe lidzakhale, imeneyi ndi mfundo yaikulu kwenikweni, ndipo ndi bwino kumuuza dokotala mosabisa za moyo wanu kuti akulangizeni zogwirizana nawo.

Kudikira mpaka zaka 8 kapena 10 kulinso ndi phindu lina: mwana amakhala wotha kunena maganizo ake. Ena amalifunitsitsa khutulo chifukwa cha kunyozedwa. Ena amati momwe alili ali bwino, ndipo kusachita opaleshoni ya maonekedwe ndi chisankho chovomerezeka, bola kumva kwasamalidwa. Opaleshoni ya nthiti imatheka ngakhale munthu atakula, ngakhale chicherewecherewe chimauma ndi msinkhu n'kumavutirapo kusema.

Ngati zachitika kuti mukubwerera kumudzi chithandizo chisanathe, musanyamuke chimanjamanja. Pemphani zotsatira za kuyeza kumva, zithunzi za CT scan ndi kalata yofotokoza opaleshoni yomwe idachitika ndi yomwe yatsala. Ku Malawi kuyeza kumva kumachitika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe, ndipo mapepala amenewo adzawathandiza kupitiriza pomwe a kuno adalekezera. Ngati mwana wachitidwa gawo loyamba la nthiti, funsani dokotala tsiku la gawo lachiwiri musanagule tikiti, ndipo ngati n'kotheka ulendowo udikire mpaka khutu litadzutsidwa ndi kupola.